Pingi ya Mkamwini

Chimene chinkamupweteka Kumbukani sikugonja ayi. Kugonja kulipo, ngakhale matimu akuluakulu amabwerako atazolika. Chinkamudya mumtima n'choti maso ake ankaona, chala chake chinkadziwa chochita, koma tianthu ta mufonimo tinkamva mochedwa. Akadina kuti wotchinga kumbuyo alande mpira, wotchingayo ankayamba waima kaye ngati akufuna akafunse kwa ankhoswe, kenako n'kudzigwetsa paudzu mnzake atadutsa kalekale. Goloboyi ankadumpha mpira uli kale muukonde.

Gemu yake idali ya mpira wamiyendo, ya pafoni, yosewera ndi anthu ena pa intaneti. Pakona ya sikirini pamakhala kanambala, anyamata amakatcha pingi. Kamanena nthawi imene lamulo la chala chako limatenga kuti lichoke mufoni, likafike ku seva, makina oyendetsa gemuyo amene ali ku Joni, n'kubwereranso. Kakakhala kochepa kamaoneka kobiriwira, osewera ako amakumvera ngati ana ako obala wekha. Kakakula kamafiira, ndiye iwe umangokhala ngati kochi amene akukuwira timu yake ali kuseri kwa phiri.

Kwa Kadzombe, kumene Kumbukani adakwatira, kanambalako kadali kofiira dzinja ndi chilimwe chomwe.

Kwawo kudali ku Kasina, kwa Angoni, kumene mkazi ndiye amatsata mwamuna. Koma mtima wake udagwa pa Kettie, mwana wa Achewa, ndipo akuchikazi adanena mosapsatira kuti mwana wawo sachoka pamudzi. Basi, mnyamata adamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi n'kukhala mkamwini. Munda si wake. Khasu si lake. Ngakhale tambala womudzutsa m'mawa ndi wa eni mudzi. Zake zenizeni zidali foni yosweka pakona ndi zala ziwiri zazikulu za m'manja mwake.

Chaka chimenecho anyamata ena a ku Lilongwe, motsogozedwa ndi mkulu wina dzina lake a Godfrey, adayambitsa mpikisano wa dziko lonse. Ndime zoyambirira aliyense ankasewera ali kwawo. Opambana ankayenera kukakumana ku Lilongwe, m'chipinda chimodzi, pa intaneti imodzi. Za chikho Kumbukani sadazilabadire. Iye maso adali pa chipindacho.

"Kumeneko kulibe wa kumayadi, kulibe wa kumudzi," adamuuza Kettie tsiku lina, mkaziyo akusambitsa mwana wawo Victoria pakhonde. "Pingi imodzi tonse. Ndikufuna kamodzi kokha ndisewere ndi munthu tili chimodzimodzi, ndidziwe ngati ndimatha kapena ndimangodzinamiza. Ndikakagonja kumeneko ndidzabwera ndidzakuuze ndekha kuti ndine mbuli, foniyi ndidzam'patse Victoria aziseweretsa."

"Bambo a Victoria, foni imeneyo mwana wanga asaikhudze," adatero Kettie. "Ingamuphunzitse kutukwana."

Ndime yoyamba adaidutsa mokwawa, chifukwa adakumana ndi mnzake wa kuphiri lina amene pingi yake idali yofiira kuposa yake. Koma ankadziwa kuti kutsogoloko kuli ana a kumayadi, ointaneti ya waya yolowa m'nyumba mwenimweni, ndipo amenewo akadamuphwanya ali chigonere pasofa.

Lamulungu lotsatira kudabwera Zikhalo, mchimwene wake wa Kettie, amene ankakonza mafoni pakabenchi pafupi ndi depoti ku Dedza boma. Zikhalo adali munthu woti matenda alionse mankhwala ake ali nawo m'thumba.

"Alamu, mukuvutikiranji ngati mulibe abale?" adatero atamva dandaulo. "Zimenezo n'za VPN basi."

"Si ija anthu amabisalira kuti asaoneke kumene ali?"

"Imeneyo. Koma ili ndi ntchito ina. Imakukumbirani kanjira kanukanu pansi pa msewu wa anthu wamba. Zochokera mufoni mwanu zimayamba zafika kwa iyo, iyo n'kuziperekeza ku Joni. Kulibe rodibuloko, kulibe mahampu. Bweretsani kuno kachigubu kanuko."

Adaika pulogalamuyo, mbendera za mayiko zidandandalikana pasikirini, Zikhalo n'kusankha ya dziko lina la ku Ulaya, ati kumeneko ndiye kuli makina amphamvu. Kumbukani adatsegula gemu. Kanambala kaja kadakwera ngati kaona njoka. Adadina kuti wosewera wake apereke mpira, ndipo adapeza mpata woyetsemula mpirawo usadasunthe.

"Alamu," adatero mwaulemu woopsa, "mwandikweza minibasi ya ku Lilongwe yodzera ku Golomoti ndi ku Salima."

"Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo."

"Mtimawo ukamafika mpira watha! Chotsani uchitsiru wanuwu."

"Dikirani, inu Angoni mumafulumira ndi nthungo. Tiyese mbendera ya ku Joni konko."

Adayesa. Kanambala kadatsika, koma kadakaima pamwamba pang'ono pa pomwe kankakhala kale popanda VPN. Zikhalo adakanda m'mutu, n'kuyamba kulumbira kuti ali ndi kasitomala wa ku Lilongwe amene pingi yake idatsikadi ndi VPN, chifukwa kampani yake ya intaneti inkamuzungulitsa kutali asadafike ku Joni.

"Ameneyo msewu wake udali wokhota, VPN idamuwongolera," adatero Kumbukani. Zinthu zimenezi ankazigwira msanga ngakhale sadaziphunzire m'kalasi. "Wanga si wokhota. Wanga watsekedwa pakhomo penipeni. Nsanja ya netiweki ili kuseri kwa phiri ilo. VPN yanu ingasunthe phiri?"

"Yaulere singathe," adayankha Zikhalo, ndipo Kettie adaseka mpaka mwana kudzidzimuka.

Chithandizo chidachokera kumene sankayembekeza. Munda wa apongozi udakwera chitunda mpaka pamwamba, pamene pali chipilala cha simenti cha malire a dziko. Kungodutsa chipilalacho ndi Mozambique, koma mizere ya mbatata ya kachewere imangopitirira ngati palibe kanthu, chifukwa olima uko ndi asuweni a olima kuno. Maliro amalirira limodzi, chigayo n'chimodzi. Ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi malaini awiri a foni, ya kuno ndi ya kutsidya, chifukwa nsanja ya kutsidyako imaoneka ndi maso, yofiira ndi yoyera, ili njo pachitunda moyang'anizana ndi mudzi.

Tsiku lina akupalira kumtundako bandulo ya Kumbukani idatha, Kettie n'kusolola laini yake ya ku Mozambique, imene ankaimbira azakhali ake a ku Ulongwe.

"Ikani iyi musiye kundiyang'ana ngati ndine ndakudyerani bandulo."

Adaika. Adakhala pamwala waukulu wa kumutu kwa munda, mbali ya kuno ya chipilala, n'kutsegula gemu.

Kobiriwira.

Adatikita m'maso. Kobiriwira ndithu. Adadina, wosewera adathamanga nthawi yomweyo. Adakhotetsa chala, wosewera adakhota. Zinthu zimene chala chake chidakhala chikuyesa kwa zaka osatheka zidayamba kutuluka zokha: chenga, mpira wodutsa pakati pa miyendo, kuponya kwa patali kokhotera kukona. Kumbukani adamva m'maso mukutentha. Adaimirira pamwalapo n'kuvina ngoma ya kwawo, phazi limodzi m'mwamba, Kettie akumuuza kuti atsike anthu angati mkamwini wapenga.

Kuyambira pamenepo mwala uja udasanduka bwalo lake. Mphepo ya mwera inkamuwomba mpaka zala kuuma, iye n'kumazipumira mpweya, n'kumapitiriza. Adachotsa wa ku Zomba. Adachotsa wa ku Mzuzu amene ankadzitcha mfumu. Pagulupu ya WhatsApp ya mpikisanowo anthu adayamba kufunsana kuti kodi wa ku Dedza ameneyu watulukira kuti. Padatsala munthu mmodzi pakati pa iye ndi chipinda cha ku Lilongwe: Ephraim, mwana wa kumayadi a mu Area 47. Magemu awiri, zigoli aphatikize, wopambana akalowe m'chipindamo.

Tsikulo lidagwa Loweruka, ndipo ngati kuti wina adachitira dala, ndi tsiku lomwe lole ya mavenda inkabwera kudzanyamula mbatata. Banja lonse lidali m'munda, Zikhalo yemwe adatseka benchi yake. Akazi ankakumba ndi kutola, amuna ankasoka matumba, ndipo kutsitsa matumbawo kukafika nawo kumsewu, kumene lole imathera mphamvu, idali ntchito ya mkamwini. Zimenezo sizifunsidwa.

"Nthawi ikakwana ndiwauza amayi kuti m'mimba mwakuvutani," Kettie adamunong'oneza m'mawa. "Koma mudziwe, m'mimba simutenga tsiku lonse."

Dzuwa litapendeka, nthawi ya gemu ili pafupi, foni idalira Kumbukani ali pakati pa njira, thumba lili paphewa. Adalitula n'kuyankha.

"A Kumbukani, ndine Godfrey. Pali kavuto pang'ono."

"Ndikumva, bwana."

"Mnzanu Ephraim wadandaula, ndiye tafufuza. Magemu anu apitawa adilesi yanu ya intaneti ikuonetsa kuti mumasewera muli ku Mozambique. Lamulo mukulidziwa. Mpikisanowu ndi wa anthu amene ali m'Malawi muno."

"Ine ndili m'Malawi!"

"Makina akunena zina."

"Makinawo adabwera kuno? Ndili kwa Kadzombe, boma la Dedza, m'munda wa apongozi anga! Laini yokha ndiye ya kutsidya, chifukwa nsanja yathu ili kuseri kwa…"

Adadukiza. Apongozi aakazi ankatsika njira yomweyo, dengu lili pamutu. Mkamwini sakumana ndi apongozi maso ndi maso panjira, ndipo sakweza mawu iwo ali pafupi. Kumbukani adapatukira m'tchire, adanjuta, foni ataipanikiza ndi phewa pakhutu kuti manja awombe m'manja, maso ali pansi, chisoso chikumumata m'thalauza. Apongozi adadutsa pang'onopang'ono, monga amadutsira apongozi, akuyang'ana kumbali.

"Halo? A Kumbukani?"

"Ndilipo," adanong'ona, mano ali gwa. Mkwiyo wonse udayenera kudutsa pakabowo kakang'ono ngati nthunzi ya m'ketulo. "Ndikutumizirani chithunzi. Muona chipilala, muona mbali imene ndakhala."

"Chithunzi aliyense angajambule, bambo. Mwala ndi mwala. Ifeyo tikalola inu, mawa wina adzasewera ali ku Joni, pakhomo pa seva penipeni, n'kumati ali ku Ntcheu. Mwamva vuto lathu?"

"Ndiye Ephraim wa waya m'nyumba ndi chilungamo, ine wa pamwala ndine wakuba?"

"Sindinati ndinu wakuba. Zapitazo tazisiya. Koma lero tikhala tikuyang'ana magemu onse awiri. Ikangoonetsa Mozambique, mwatuluka. Pepani."

Foni idaduka. Kumbukani adamenya thumba la mbatata ndi theche, ndipo thumba ndilo lidapambana. Adakwera chitunda akutsimphina, n'kukodola Zikhalo kuti amutsate kumwala.

Zikhalo atamva nkhaniyo adagwira pamimba ndi kuseka. "Ndiye mwakhala mkamwini kawiri, alamu! Kuno ndinu obwera, pa intaneti ndinu obwera!"

"Ndikuswani mano, alamu, muzikonza mafoni ndi nkhama."

"Pepani, pepani. Tiyeni tiganize. Ku boma?"

"Lero msika. Netiweki ya kumeneko tsiku ngati lino imadzaza ngati minibasi yomaliza. Ndipo ndikafike ndi chiyani, nthawi yake iti? Matumbawo anyamula ndani?"

Adayesa laini ya kuno pamwala pomwepo. Gemu idakana ngakhale kutseguka bwino, kanambala kakudumphadumpha ngati chiwala chili pamoto. Kunyumba kukadakhala bwinoko pang'ono, koma bwino wake ndi wofiira uja wa masiku onse, ndipo kunyumba n'kodzera pamaso pa apongozi.

Apa nkhope ya Zikhalo idawala. "Alamu, mwala umene mudaukana uja. VPN."

"Musayambenso."

"Tamverani kaye. Bwezerani laini ya kutsidya. Tiyatse VPN, tisankhe mbendera ya Malawi. A Godfrey akayang'ana aona Malawi. Nkhani yatha."

Kumbukani adamutuzulira maso. "Mukuti ndiname kuti ndili pamene ndili?"

"Eya."

"Ndivale chinyawu cha nkhope yanga yomwe?"

"Mawu amenewo musawatchule pamudzi pano, alamu, simunalowe. Koma eya."

Zikhalo adafufuza m'mapulogalamu ake mpaka adapeza imodzi yokhala ndi mbendera ya dzuwa lotuluka. Adayatsa. Tsamba loonetsa kumene munthu ali lidalemba Malawi. Adatsegula gemu, ndipo kanambala kadafiira, kufiira kokhazikika, kosadumpha, ngati khala la mtengo wa tsanya losazima msanga.

"Mwaona?" adatero Kumbukani. "Lamulo la chala changa lichoke pano, liwoloke ku Mozambique, litsikire kummwera, libwerere ku Malawi kukatenga chiphaso cha unzika, kenako lipitenso ku Joni. Ephraim nthawi yonseyo akumwa tiyi."

"Koma muli mumpikisano," adatero Zikhalo, ndipo ulendo uno sadaseke.

Kumunsi Kettie adaoneka akulankhula ndi mayi ake, akuloza pamimba, akuloza kuchitunda. Nthawi idakwana.

Gemu yoyamba musandifunse zambiri. Kumbukani adayesa kusewera ngati mlosi, kudina zinthu zisadachitike, kulanda mpira pamene akuganiza kuti ufika. Kwa kanthawi zidatheka. Koma Ephraim sadali chitsiru, adazindikira msanga kuti mnzakeyu akumva mochedwa, n'kuyamba kumuseweretsa: kuima, kunamiza kumanzere, kudikira wotchinga adzigwetse yekha, n'kudutsa kumanja akuyenda. Chigoli choyamba. Chachiwiri chidalowa goloboyi ataima ngati akujambulitsa. Chachitatu Kumbukani adachiona chikubwera kuchokera pakati pa bwalo, adadina, adadinanso, adadina mpaka sikirini kulira, ndipo tianthu take tidachita zonse zimene adatiuza, bwinobwino, mpira uli kale pakati kuti ayambirenso.

Zitatu kwa duu.

Pagulupu Ephraim adalemba: "Mlendo wathu walowa m'dziko koma miyendo waisiya pa boda." Pansi pake tinkhope toseka tidagwa ngati matalala.

Kettie adafika akupuma mwawefuwefu, manja ali dothi lokhalokha. "Bambo a Victoria, lole yafika. Dalaivala akuti sadikira. Amayi afunsa kawiri."

"Yatsala imodzi."

"Mwapambana yoyambayo?"

Kettie adayang'ana mchimwene wake, adayang'ana mwamuna wake, n'kukhala pansi pamzere.

Kumbukani adatsegula pulogalamu ya VPN. Chala chidaima pamwamba pa batani lozimitsira.

"Alamu, mukazimitsa mwatuluka," adatero Zikhalo.

"Ndikapanda kuzimitsa?"

"Mwina…"

"Mwina chiyani? Ndibweza zigoli zitatu ndi miyendo ya chitsulo imeneyi? Nenani zoona, alamu, kamodzi kokha m'moyo mwanu."

Zikhalo adayang'ana kumbali.

"Ndimumwetse zinayi gulupu yonse ikuona," adatero Kumbukani. "Zinayi. Kenako a Godfrey aimirire pamaso pa anthu anene kuti wopita ku Lilongwe ndi wogonjayo. Tione ngati manyazi alibe."

"Manyazi alibe ntchito pa lamulo," adatero Kettie motsitsa. "Koma foni ndi yanu."

Adazimitsa. Kanambala kadagwa, kobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba.

Wenzulo italira, Ephraim adabwera ndi matama omwe aja: kuima, kunamiza kumanzere. Wotchinga wa Kumbukani sadagwe. Adangotambasula mwendo n'kutenga mpira ngati akutola chake. Mipira itatu yachangu, wakutsogolo adatulukira pakati pa otchinga awiri, phaa! Muukonde.

"Ayi ayi ayi!" Zikhalo adadumpha. "Chimenecho ndiye chala!"

Ephraim adadzidzimuka, zidaoneka. Adasiya zoseweretsa, adabweza anthu ake kumbuyo, adayamba kusewera mpira weniweni, ndipo mpira wake udali wabwino. Kawiri konse adafika pagolo, kamodzi adamenya chitsulo. Kumbukani adamva thukuta likutsika m'khwapa ngakhale mphepo inkawomba. Izi ndi zimene ankafuna. Munthu ndi munthu. Adapeza kona, adauponya mokhotetsa, wamtali wake adaukhoma ndi mutu.

Ziwiri. Ngakhale Kettie, amene mpira sankaudziwa kumutu ndi kumchira, adaomba m'manja.

Chigawo choyamba chisadathe, uthenga udatsetsereka pamwamba pa sikirini. Udali wa a Godfrey, pagulupu: "Kumbukani akuoneka ku Mozambique. Watuluka mumpikisano. Ephraim wapitirira ku Lilongwe."

Kumbukani adaukankhira kumbali ndi chala. Adadziwa kuti ubwera. Zatsala ziwiri, basi, zatsala ziwiri.

Adatenga mpira pakati, adathamangira wotchinga woyamba, adakonzeka kumudya chenga. Wotchingayo sadasunthe. Adamudutsa. Wachiwiri naye adangoyendayenda pamalo amodzi ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Palibe ankamuthamangitsa ndi mtima. Tianthu ta Ephraim tinkangogwedezeka tokha monga timachitira foni ikaikidwa pansi.

Adafika pamaso pa goloboyi n'kuima.

"Sewera," adatero.

Palibe chidachitika.

"Sewera, iwe! SEWERA!"

Mawuwo adatsika chitunda chonse. Kumunsi makasu adaima. Mitu idadzuka m'mizere, ya apongozi yomwe, n'kuyang'ana kumwala kumene wodwala m'mimba adaimirira, foni ili m'manja, akukalipira mphepo. Kettie adaphimba nkhope ndi chitenje.

"Alamu, lembani pagulupu pafoni yanu," adatero Kumbukani osachotsa maso pasikirini. Zikhalo adali atalowa nawo pagulupupo kuti azionerera. "Muuzeni atenge foni timalize. Muuzeni Lilongwe ndi yake, sindikuifuna, angomaliza gemuyi."

Zikhalo adalemba. Yankho silidachedwe, ndipo adaliwerenga monyinyirika. "Akuti, ‘Ndikukadya, aise. Goletsa mmene ungafunire.’"

Lole idaliza hutala kumsewu motalikitsa.

"Goletsani khumi, alamu," adatero Zikhalo. "Makumi awiri. Tijambule tiike pagulupu."

"Kugoletsa ndani?"

Sadagoletse. Adabweza mpira pakati pa bwalo n'kumaupereka kwa anthu ake okhaokha, uku ndi uku, maso ali pa tianthu ta Ephraim, kudikira kuti mwina kamodzi kathamanga mwadala, mwina mnyamatayo wamaliza kudya, mwina wachita manyazi. Chigawo chachiwiri chidayamba. Hutala idaliranso. Kettie adaimirira, adasasa chitenje, n'kutsika yekha, ndipo patapita kanthawi adaoneka kumunsi akuthandizana ndi mng'ono wake kukweza thumba pamutu pake.

Kumbukani adamuona. Adapitiriza kudikira. Wotchi ya gemu idayenda mpaka kumapeto, wenzulo idalira, sikirini idalemba ziwiri kwa duu n'kumuonetsa tianthu take tikukumbatirana.

Awiriwo adayamba kutsika. Atafika pakati pa munda, Zikhalo adalephera kupirira.

"Komatu mukadamuphwanya, alamu. Zinayi zikadakwana. Si choncho?"

Kumbukani adatsegula pakamwa kuti avomere. Adakumbuka mpira uja udamenya chitsulo, ndi mmene Ephraim adatsekera kumbuyo atadzidzimuka. Ziwiri si zinayi. Gemu idali isadafike n'pakati pomwe.

"Sindikudziwa," adatero.

"Aa, inunso. Ingonenani kuti eya, ndani akutsutseni?"

"Ndati sindikudziwa!"

Adafika pamatumba. Apongozi adali chapafupi, akuyang'ana kumbali. Kumbukani adanjuta, adawomba m'manja, n'kutembenukira kwa Zikhalo.

"Nditwikeni," adanong'ona.